Chifuwa Ukundibisiracho, Thokozile

Thokozile mwana wanga,

Khala pansi uwerenge. Usaimirire monga umachitira ine ndikamayankhula, phazi limodzi m'nyumba lina panja, tizingwe ta foni tili m'makutu. Pakamwa panga wapanyoza mokwanira. Iwe umalemekeza zolembedwa, ndiye lero ndakuikira papepala. Wagwira bolopeni ndi Belita mng'ono wanga, amai ako aang'ono, amene ndamuitanitsa kuchokera kukomboni ya Nabvutika masana ano iwe uli kutauni kolukitsa tsitsi. Ndamuuza kuti alembe mmene mawu akutulukira, asathire shuga. Akamaliza andiwerengera, ndipo ndikapeza kuti wandifewetsera pena, tiyambiranso.

Mapepala ako a kukoleji usawafune. Ndatenga ine. Ndatenga chikwama chonse chobiriwira chija, popeza sindidziwa kuti pepala lokuitana kusukulu ya unamwino ku Ndola ndi liti. Tikiti ya basi ya mawa ilinso momwemo. Usavutike kutembenuza matiresi kapena kufukula m'thumba la nsawa. Ndamanga m'chiuno mwanga, mkati mwa chitenje, ndipo ngati uli ndi mphamvu bwera udzavule amai ako. Chifukwa chake ndi chimodzi. Ukutsokomola, sabata yachinayi ino, ndipo ukundibisira. Sukwera basi ina iliyonse ndi chifuwa chimenecho chisanayezedwe.

Ndikudziwa zimene ukunena pano. Ukuti nkhalamba yakwiya chifukwa cha phukusi lake la masamba. Inde ndakwiya, ndipo tiyambe ndi zimenezo. Dzulo ndinakulongera jinja amene ndinaumitsa ndekha, masamba a chanzi, a bulugamu, a gwafa, mitu itatu ya adyo ndi botolo la uchi wa mumng'oma wa amalume ako. Ndinamanga bwino munsalu yoyera n'kuika pakona ya sutikesi. Iwe unatulutsa ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe wakufa, pamaso pa mnzako Memore, n'kunena kuti kumene ukupita kuli madokotala, sufuna anzako akakuyese mwana wa sing'anga. Memore anaseka mpaka kugwira chitseko. Ndiye unakweza siketi n'kumuonetsa chipsera cha pakatumba pako, n'kunena kuti, “Mankhwala a amai nawa.” Unayesa ndagonja. Ndimasunga mawu, kuti ndidzakupatse onse pamodzi.

Sindine sing'anga. Sindiombeza ula, sindivina ndi litchowa, Lamulungu lililonse ndimakhala benchi yachiwiri kutchalitchi. Sindinapondeko pakhomo la sukulu, zoona. Atate anga anati mwana wamkazi akaphunzira amalembera anyamata makalata. Koma Juni akafika, mphepo ikayamba kutsika m'mapirimu, fumbi la thonje ndi la makoko a nsawa likalowa anthu m'zifuwa, amabwera pakhomo pano ndani? Aphunzitsi. Akazi a apolisi a kumalire ku Mwami. Ngakhale amake a Memore yemweyo, chaka chatha anafika pano mawu atatsekeka, akulozera pakhosi ngati mbuzi yomeza chitsononkho. Ukamufunse mnzakoyo amene anatsegula pakhosi pa amai ake. Ndiye iwe, amene ndinakulera ndi masamba omwewa nyengo zozizira makumi awiri, lero ukundiphunzitsa kuti masamba ndi manyazi.

Belita akuti ndichepetse ukali, mwana akupita kutali. Ndamuuza kuti lemba.

Mvera tsono zimene zili m'phukusimo, chifukwa ndalibwezera musutikesi, pansi pa nsapato, ndipo lipita nawe kaya ufune kaya usafune. Ukamva kuyabwa m'mphuno ndi kulemera mutu, tenga jinja wotalika ngati chala chachikulu, usinje, uwiritse m'madzi a makapu awiri mpaka fungo likuluma m'maso. Uphule. Mandimu ufinyire utaphula, osati pamoto ayi, amawawa n'kutha ntchito. Uchi uike madzi atafunda pang'ono, oti chala chingapirire. Ana a masiku ano mumathira zonse pamodzi ngati mukuphikira nkhumba, kenaka n'kumati mankhwala achikuda sagwira. Pakhosi pakayamba kukanda, usathamangire masiwiti. Madzi ofunda, mchere wapansonga pa supuni, uchukuche kukhosi mutu uli chagada, ulavule. M'mawa, masana, madzulo. Masamba a gwafa ndi a chifuwa chouma chija chosatulutsa kanthu, anayi kapena asanu, uwiritse, umwe ngati tiyi. Adyo udye kambewu kamodzi ndi chakudya, osati mutu wonse, ungathamangitse odwala m'chipatala. Ndipo ukadzakhala namwino, mai wina akadzakufunsa, uchi asapatse khanda losakwana chaka. Izi ndinamva kusikelo kwa anamwino anzako omwewo, ndipo ndinasunga. Ukuona? Ine za kwanu ndimamva. Iwe za kwathu ndiye sufuna.

Chanzi ndakuikira wokwanira, ndipo akatha usakathyole wekha kumeneko. Ndikuuze chifukwa chake. Nditangokwatiwa ndi atate ako, ndili kamtsikana kodzimva ngati iwe, alamu anga a Sandikonda anagwidwa ndi chimfine chachikulu pa nthawi yokolola. Apongozi anga anandituma kuti ndikathyole chanzi kudambo, n'kundifunsa ngati ndikumudziwa. Ndinati ndikumudziwa. Sindinkamudziwa bwino, koma mtengwa watsopano anene kuti sadziwa? Kudambo kunali kutali, ndipo m'mbali mwa njira ndinaona chitsamba chija cha maluwa ofiira ndi achikasu, chokhala ndi timinga pathunthu, chimene ngakhale ng'ombe zimachilambalala. Masamba ake amafanana ndi a chanzi ngati mapasa. Ndinathyola, ndinawiritsa, ndinapereka mogwada bwinobwino. Munthu wamkulu uja tsiku lonse anangokhalira njira ya kuchimbudzi, chimfine chili pomwepo. Apongozi anatenga tsamba langa ndi tsamba lenileni, anafikisa lililonse m'manja, n'kundinunkhitsa pamaso pa mudzi wonse. Anati maso amanama, mphuno sinama. A Sandikonda mpaka imfa yawo ndikawapatsa madzi akumwa ankayamba afunsa ngati ndathyola kudambo kapena kumsewu. Safunsa anadya phula, Thokozile. Chimene sukuchidziwa, nena kuti sindikuchidziwa. Kukoleji kumene ukupitako ukakumbukire zimenezi, chifukwa kumeneko wotsegula m'mimba sadzakhala mlamu wako woti n'kuseka naye.

Bulugamu ndi wofukiza. Uwiritse masamba, uphule mphika, uike pansi, ufunde bulangete pamutu, upume nthunzi. Ndanena kuti uphule. Ndibwereza, uphule, ndipo mbaula ikhale panja. Wolemba kalatayu akudziwa chifukwa chake, n'chifukwa chake wayamba kuseka. Chaka china iwe usanabadwe ndinapita kukamuona ku Nabvutika, tonse awiri tili ndi chimfine. Kanyumba kake kanali ka chipinda chimodzi. Ine ndi nzeru zanga ndinati nthunzi ikuthawa msanga, tilowetse mbaula m'nyumba, mphika uziwira pomwepo ife tili pafupi. Tinatseka chitseko, tinatseka zenera, mpata wapansi pachitseko tinatsekapo ndi chiguduli. Dzuwa lili pamutu. Belita anayamba kunena kuti mutu ukuzungulira, ine ndinati ndiwo mankhwala akugwira ntchito. Kenaka ndinaona khoma likupendama. Anatipulumutsa ndi mai woyandikana naye amene anabwera kudzabwereka sefa, anagogoda osayankhidwa, n'kukankha chitseko. Anatikokera panja ngati matumba a chimanga, tikusanza pamaso pa ana a mukomboni. Utsi wa makala suoneka, sununkha, umangokugoneka. Ku Ndola akuti kumazizira, ndipo atsikana anzako adzafuna kulowetsa mbaula m'chipinda. Ukakane, ngakhale akunene kuti ndiwe wakumudzi.

Tsopano chipsera chako, poti unachionetsa kwa alendo. Unali ndi zaka zitatu. Mphuno zinatsekeka, unkapuma ndi pakamwa, sunkadya. Ndinaphula mphika wa bulugamu uli kubwata, ndinakukhazika pamiyendo panga, ndinafunda bulangete tonse awiri. Atate ako anati mwanayo ngwamng'ono, dikira madzi azizireko. Ndinawayankha kuti za njinga ndi zawo, za mphika ndi zanga. Mumdima muja unachita mantha, unaponya mwendo, mphika unagubuduka. Kulira kumene unalira tsiku limenelo ndimakumvabe. Ndinakubereka kuthamanga nawe kukiliniki wopanda nsapato, ndipo khungu linatsalira pansalu. Ndinalakwa ine. Wamva? Belita, lemba bwino pamenepo kuti aone. Ndinalakwa ine, osati bulugamu. Kuyambira tsiku limenelo palibe mwana wamng'ono amene ndinamulowetsanso m'bulangete ndi mphika, ndipo mai aliyense wobwera pano ndimamuuza nkhani ya mwendo wako. Chipsera chimenecho chateteza ana ambiri m'mudzi muno. Iwe ukuchisandutsa nthabwala yoseketsa Memore. Ukanandifunsa ndikanakupepesa kalekale. Koma kundiyalutsa pamaso pa mwana wa eni, ayi, zimenezo sindinakuphunzitse.

Zonsezi ndi zazing'ono. Chimene ndatengera mapepala ako ndi ichi, ndipo Belita yemwe sakuchidziwa, achimva lero pamene akulemba.

Unakula ukudziwa kuti atate ako anamwalira ndi chibayo, chimene chinawagwira mwadzidzidzi. Ndi mmene ndinauzira anthu pamaliro, ndi mmene ndinakuuzira iwe. Linali bodza. Atate ako ankanyamula katundu wa amalonda panjinga, kuchokera ku Mwami kupita kutauni, m'fumbi ndi m'mphepo. Chaka chimenecho iwe uli ndi zaka zinayi anayamba kutsokomola nthawi yothyola thonje. Ndinawapatsa jinja. Ndinawapatsa gwafa. Ndinawafukiza m'mawa ndi madzulo. Pakhosi pankafewa tsiku limodzi, chifuwa n'kubwerera. Mwezi unatha. Anayamba kudzuka malaya atanyowa ndi thukuta pamene kunja kukuzizira koti madzi a mumtsuko akuluma mano. Lamba anaboola bowo lina, kenaka linanso. Phiri limene ankakwera ali panjinga ndi matumba awiri anayamba kulikwera akukankha njinga yopanda kanthu.

Nthawi imeneyo dzina langa linali litamveka. Anthu ankachokera midzi ina kudzafuna Nabanda wa zifuwa. Mai wina wa kutchalitchi anandikokera pambali n'kundiuza kuti abambowa apite kuchipatala, chifuwa chimenechi sichabwino. Ndinamuyankha kuti ine wochiritsa mudzi wonse ndingalephere wa m'nyumba mwanga? Ndinkaopa kuti anthu akandiona pamzere wa kuchipatala ndi mwamuna wanga adzati masamba a Nabanda ndi abodza. Tsiku lina atate ako ali kukhonde, akuwotha dzuwa atafunda bulangete, anandiitana. Anali munthu wosachulutsa mawu. Anati, “Nabanda, bwanji tikayeseko kuchipatala?” Ine ndinali ndi kapu ya mankhwala m'manja. Ndinati, “Mwatopa nane? Mukufuna anthu andiseke?” Anandiyang'ana, analandira kapu, anamwa. Sanafunsenso.

Kenaka ndinayamba kupeza magazi pakansalu kamene ankatsokomolerapo. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinkakachapa m'mamawa anthu asanadzuke, n'kukayanika kuseri kwa nkhokwe. Ndinasintha masamba, ndinawonjezera adyo, ndinapita kudambo lakutali kukafuna chanzi wabwino. Mwezi wachitatu anagwa pakhomo pobwera kuchimbudzi, ndipo a Sandikonda anabwera ndi ngolo osandifunsa n'komwe. Kuchipatala namwino anandifunsa kuti akhala akutsokomola nthawi yaitali bwanji. Ndinati sabata ziwiri. Anali mtsikana wamng'ono, woonda, msinkhu wako womwewu. Anakweza dzanja la atate ako, analiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, “Amai, mafupa awa si a sabata ziwiri.” Anandiuza kuti ndi chifuwa chachikulu, kuti mankhwala ake alipo, amaperekedwa ulere, ndipo anthu amachira akabwera msanga. Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anawayambitsa mapiritsi, koma thupi linali litatha kale. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Ife awiri, ine ndi iwe, anatiyeza, anatipeza tili bwino, ndipo ndinabwerera kumudzi ndi bodza la chibayo m'kamwa.

Belita waika bolopeni pansi. Ndamudikira. Watolanso.

Munthu amene uja sanaphedwe ndi masamba. Masamba anachita ntchito yawo, anafewetsa pakhosi, anatsegula mphuno. Anaphedwa ndi manyazi anga. Kuyambira pamenepo ndili ndi lamulo, ndipo aliyense wobwera pano amalidziwa. Chimfine cha mphepo chimamvera masamba pa masiku atatu, chimayamba kubwerera m'mbuyo. Sabata ikatha osasintha, kapena munthu akutentha thupi, akubanika, akumva kubaya m'nthiti, ndimamulozera njira ya kukiliniki, ndipo tsamba lina sindimupatsa ngakhale alire. Ena amachoka pano atakwiya, amati Nabanda wakalamba, mankhwala ake anatha mphamvu. Anene. Iwe wakhala m'nyumba muno ukundiona ndikubweza anthu, sunafunsepo chifukwa chake. Unali wotanganidwa ndi kundichitira manyazi.

Tsono tiye kwa iwe. Ukuyesa ndine wakhungu chifukwa sindiwerenga? Unayamba kutsokomola sabata imene tinkaswa nsawa. Ndinati ndi fumbi. Tiyi amene ndinkakupatsa m'mawa, amene unkati wachuluka jinja, anali mankhwala, ndinkangokubisira dzina kuti usakane. Masiku atatu, palibe. Ndinaikamo chanzi. Sabata, palibe. Ndinakuuza kuti tipite kukiliniki, unati wachira, n'kuyamba kutsokomolera kuseri kwa nkhokwe, pamalo omwewo pamene ine ndinkayanika kansalu ka atate ako. Iwe amene kuyambira ubwana wako sunachapepo dzuwa lisanatuluke, masiku ano ndikumakupeza m'mamawa ukuchapa malaya ogonera. Ndinawagwira tsiku lina usanawaviike. Anali onyowa. Siketi yako yakuda ukuimanga ndi pini. Chakudya ukungotola ngati nkhuku yodwala chitopa, chotsala n'kupatsa galu ine ndikatembenuka. Musutikesi, mkati mwa nsapato, ndapezamo botolo la mankhwala otsekemera a kukemisiti ndi mapepala a masiwiti a chifuwa odzaza dzanja. Ndiwo madokotala ako amenewo?

Ndipo ndinakumva Lachiwiri uli pafoni kuseri kwa bafa, ukuuza Memore kuti akukoleji akadziwa akubweza, malo ako apatsa wina, bola ukafike kaye ukalembetse, zachifuwa uzikaona konko. Ndinaima ndi ndowa pamutu. Mawu amenewo ndi anga. Ndi omwe aja ndinayankha atate ako pakhonde, angovala yunifomu. Ine ndinkaopa kusekedwa ndi mudzi, iwe ukuopa kubwezedwa ndi koleji. Ukudziona ngati wasiyana nane kwambiri, wa satifiketi iwe, ine wa chidindo cha chala. Mwana wanga, pa kuuma mutu ndiwe ine ndendende, ndipo ndi chimene chikundikwiyitsa koposa zonse.

Ndipo taganiza, iwe wofuna unamwino. Ukakwera basi ya ku Lusaka pa ulendo wa ku Ndola, mazenera otseka chifukwa cha kuzizira, tsiku lonse, pafupi ndi mai wa khanda. Ukafika uko ukagona chipinda chimodzi ndi ana a eni. Ngati chili chimene ndikuchiopacho, udzakhala utagawira angati usanaphunzire n'komwe kugwira jakisoni? Ine wosaphunzira ndikudziwa kuti chimayenda ndi mpweya. Iwe unakhoza sayansi, unabwera ndi pepala pano ukuvina. Sayansi imeneyo inathera papepala pomwepo?

Sindikunena kuti ndi chifuwa chachikulu. Sindidziwa. Wamva mawu amenewo? Nabanda akuti sadziwa. Ndinalipira ndi moyo wa mwamuna wanga kuti ndiphunzire kuwatchula. Mwina ndi china chaching'ono chimene mapiritsi a masiku ochepa angachotse. Chimene ndikudziwa n'chakuti si cha masamba anga, ndipo si cha masiwiti ako. Pa zifuwa za masamba ndifunse ine, palibe dokotala angandipose. Ichi chandipitirira, ndipo ndikuchipereka kwa eni ake.

Ndiye mawa zikhala chonchi. Basi ya ku Lusaka ipite yokha. Sukulu mukutsegulira Lolemba, ndinafunsa, mawa ndi Lachisanu, ndipo mabasi sanathe m'dziko muno. Tidzuka, usamba, tikwera minibasi ya kutauni ine ndi iwe ndi Belita. Kuchipatala ukawauza zoona. Akakufunsa kuti nthawi yaitali bwanji, ukanena kuti sabata zinayi, ukanena za thukuta, ukanena za pini ya pasiketi. Ukachepetsako ngakhale tsiku limodzi, ine ndili kumbuyo kwako, ndidzakweza mawu mpaka a pamzere onse amve, ndipo ukundidziwa kuti manyazi amtundu umenewo ndinawasiya. Ukalavulira makhololo m'kabotolo kawo, akakuunika ngati afuna kukuunika. Mayankho akachedwa tidikira, tigona kwa Belita.

Akanena kuti palibe choopsa, chikwama chako ndidzamasula pomwepo pageti. Sutikesi ndidzasenza ndekha pamutu mpaka pa siteshoni, ndipo uitane Memore adzandiseke mpaka atope. Ndidzapirira. Akanena kuti chilipo, udzamwa mapiritsi awo mmene adzanenere, tsiku ndi tsiku mpaka tsiku lomaliza, osasiyira panjira chifukwa wayamba kumva bwino. Belita adzalembanso kalata ina, yopita kwa akuluakulu a koleji, pamodzi ndi pepala la adokotala, kuwapempha akusungire malo. Sukulu yophunzitsa anamwino ikakana mwana chifukwa anapita kuchipatala, ndidzakwera basi ndekha kukawafunsa chimene amaphunzitsa. Ndipo malowo akatayika, atayike. Chaka chimabweranso. Atate ako sanabwerenso.

Ukapita, chifukwa udzapita ndithu, kaya Loweruka kaya chaka chamawa, ukumbukire izi. Uvale juzi m'mawa ngakhale ikubisire yunifomu. Usamwe madzi a mufiriji uli thukuta. Mandimu utaphula, uchi atafunda. Mbaula panja. Mwana wamng'ono kutali ndi mphika. Masiku atatu a masamba, sabata ikatha kuchipatala. Ndipo tsiku lina pamzere pako padzafika mai wachikulire wonunkha adyo ndi bulugamu, atabweretsa wodwala mochedwa, akunama masiku. Usadzamuseke, usadzamutche mbuli. Udzamuuze zoona motsitsa, monga anandiuzira mtsikana uja. Ndi chifukwa cha mtsikana ameneyo kuti pamene unati ukufuna unamwino, ine ndinalima thonje zaka zitatu zotsatizana msana ukukana, osakuuza chifukwa chake.

Ukhoza kukwiya. Ukhoza osandiyankhula mpaka ku Ndola. Ukhoza kuuza anzako kuti amai ako ndi nkhalamba yosaphunzira imene inakubera mapepala. Zonsezo ndilandira, bola uzinena uli moyo. Ndinaika kale munthu mmodzi m'manda chifukwa choopa pakamwa pa anthu. Wachiwiri sindiika.

Belita wandiwerengera, ndipo sanachotse kanthu. Wapaka inki pachala changa, chidindo chili pansipa ndi changa. Kalatayi uipeza pamwamba pa sutikesi. Ine ndili kumunda kokazula mapesi, sindikufuna kukuona nkhope uli kuwerenga. Tiyi wa jinja ali m'kapu yako, ndavundikira ndi mbale. Chifuwa chimenecho sachiza, koma umwe, pakhosi pafewe, kuti mawa ukathe kuyankha bwino mafunso a adokotala.

Ndine amai ako,
Nabanda